MABATIRE A LAMYA ZA M'MANJA: CHIMENE MANAMBALA AKE ATANTHAUZA

Ku Area 11, mu mzinda wa Lilongwe, kuli nyumba zazikulu za mipanda ya njerwa, pafupi ndi City Centre. Amene agona m'nyumbazo ndi akuluakulu a nchito ndi alendo ochokera maiko ena. Koma amene alonda pa zipata, amene asamala maluwa, amene aphika ndi kuchapa, ambiri mwa iwo ndi anthu a kumidzi: a ku Mitundu, ku Nathenje, ku Kasiya, ku Dowa, ku Dedza ndi kwina. Kudzera mwa anthu amenewa lamya zambiri za m'manja zichoka m'tauni ndi kufika kumudzi. Bwana akagula foni yatsopano, yakale apatsa wanchito wake. Wanchitoyo akhala nayo miyezi pang'ono, ndipo pa kutha kwa mwezi wina aitumiza kwa mkazi wake kapena kwa amai ake.

Foniyo ikafika kumudzi sipapita masiku ambiri, dandaulo libwerera ku Lilongwe: siisunga moto. Aitchaja m'mawa ku sitolo, dzuwa lisanalowe yazima. Tsono mwini wake, pa tsiku lake lopuma, akwera minibasi kunka ku Old Town kukafuna batire lina. Wogulitsa amtulutsira mabatire awiri ofanana msinkhu. Pa lina palembedwa 3.7V ndi 3,000mAh; pa linzake palembedwa 3.85V ndi 2,800mAh. Munthu wina wa pambali anena kuti la 3.85 ndilo lamphamvu, popeza nambala yake ya V ndi yaikulu. Wina atsutsa, nati la 3,000 ndilo lokhalitsa. Wogula angoima pakati, ndalama iri m'manja, osadziwa womumvera.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Masiku ano ndalama zochokera kwa abale a m'tauni zifika pa foni, kudzera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo uthenga wa matenda ndi wa maliro ufika pomwepo. Komanso batire lolakwika silingotayitsa ndalama ai. Litha kuononga foni yonse, ndipo nthawi zina litha kuyaka.

VOLT NDI CHIANI?

Chilembo V chiimira mau akuti volt, ochokera ku dzina la Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800. Volt ndi muyeso wa mphamvu imene magetsi akankhidwa nayo. Munthu aliyense amene anapopapo njinga adziwa kuti mpweya wa m'chubu uli ndi mbali ziwiri: kuchuluka kwake, ndi kulimba kwake kumene kumveka munthu akatsina tayala. Volt afanana ndi kulimbako.

Batire la tochi kapena la wailesi liri ndi 1.5V. Anai akaikidwa mondondozana apereka 6V. Batire la galimoto, lomwenso ambiri alumikiza ku sola, liri ndi 12V. Magetsi a ESCOM afika m'nyumba ndi 230V. Nchito ya tchaja ndi kutsitsa magetsi ochulukawo kufika pa 5V, ndipo m'kati mwa foni muli kachipangizo kena kamene kawatsitsanso kufika pa muyeso umene batire lifuna.

Batire la foni ndi la mtundu wina, lotchedwa lithium-ion. Kampani ya Sony ya ku Japan ndiyo inayamba kuligulitsa m'chaka cha 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu amene analitulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. M'kati mwake muli lithium, amene akumbidwa ku Australia, ku Chile, ngakhalenso ku Bikita m'dziko la Zimbabwe; muli cobalt, amene wambiri achokera ku Congo; ndiponso muli graphite, mwala wakuda uja wa mu mtima wa pensulo. Graphite apezeka m'boma la Lilongwe lomwe, ku Malingunde ndi ku Kasiya.

Chofunika kudziwa ndi chakuti volt wa batire lotere sakhala pamodzi. Batire lolembedwa 3.7V likadzaza limakhala pa 4.2V. Pamene foni igwira nchito nambalayo itsika pang'onopang'ono, ndipo ikafika cha m'ma 3.3 kapena 3.4 foni izima yokha. Chotero 3.7 ndi nambala ya pakati chabe. Mabatire atsopano anapangidwa kuti azilola kupopedwa molimbirapo: lolembedwa 3.8V lidzaza pa 4.35V, ndipo lolembedwa 3.85V lidzaza pa 4.4V. Nambala yodzazirayi kawirikawiri ilembedwa m'munsi mwa inzake ndi malemba ang'onoang'ono, pafupi ndi mau a Chingerezi akuti charge voltage. Anthu ambiri saiona, koma ndiyo nambala yoopsa koposa zonse, monga kudzaoneka m'munsimu.

NDOWA NDI SIKELO

Nambala yachiwiri, ya mAh, inena za kuchuluka kwa magetsi amene batire litha kutulutsa lisanathe. Batire la 3,000mAh litha kupereka magetsi a muyeso wa 300mA kwa maola khumi, kapena a 1,000mA kwa maola atatu.

Mlimi adziwa kuti kuwerenga ndowa za chimanga sikukwanira. Anthu awiri atha kubwera pa msika aliyense ndi ndowa khumi, koma ngati ndowa za mmodzi ziri zazikulu, sikelo idzaonetsa kusiyana. Chimodzimodzi ndi batire. Ma mAh ndiwo kuwerenga kwa ndowa. Volt ndiye kukula kwa ndowa iliyonse. Ndipo kulemera kwa pa sikelo ndi nambala yachitatu, yolembedwa Wh. Nambala imeneyi ndiyo inena zoona za moto wonse umene uli m'batire. Ngati siinalembedwe, mwana wa sukulu atha kuipeza: achulukitse volt ndi mAh, agawe ndi 1,000.

Tsono mlandu wa ku Old Town uja uweruzidwa chotere. Batire loyamba: 3.7 kuchulukitsa ndi 3,000 ndi kugawa ndi 1,000 kupereka 11.1Wh. Lachiwiri: 3.85 kuchulukitsa ndi 2,800 kupereka 10.78Wh, amene ndi manambala enieni a batire la Samsung Galaxy S5, foni ya chaka cha 2014. Loyamba lapambana, koma ndi pang'ono pokha, magawo atatu pa zana. Mabatire awiriwo akanakhala onse a 3,000mAh, la 3.85V likanakhala ndi 11.55Wh, kupambana linzake ndi magawo anai pa zana. Ndiko kunena kuti foni imene ikhala maola 25 ndi batire loyamba ikanakhala maola 26 ndi lachiwiri. Ola limodzi si chinthu chokanganirana pa msika.

Pali mafoni ena atsopano, makamaka odzaza msanga, amene ali ndi mabatire awiri m'phukusi limodzi, olumikizidwa mondondozana monga a m'tochi. Pamenepo munthu atha kuwerenga 7.7V ndi 2,500mAh, naganiza kuti batire ndi laling'ono. Sikelo inena zina: 7.7 kuchulukitsa ndi 2,500 ndi 19.25Wh, chimodzimodzi ndi batire la 3.85V ndi 5,000mAh.

Masamu onsewa agwira nchito pokhapokha ngati cholembedwacho chiri choona. Pepala silikana inki. Batire laling'ono lija la Nokia lotchedwa BL-5C, limene mafoni ambiri a mabatani atengera maonekedwe ake, lenileni lake lilembedwa 3.7V ndi 1,020mAh, ndiko kuti 3.8Wh. Munthu akapeza batire la msinkhu womwewo ndi kunenepa komweko litalembedwa 3,000 kapena 5,000mAh, adziwe kuti thumba la makilo makumi asanu silinalandirepo makilo mazana awiri. Batire lonama nthawi zambiri lipepuka m'manja kuposa lenileni, ndipo malemba ake afufutika msanga. Wogula apemphe lisiti. Popanda lisiti nkovuta kudandaula, ngakhale ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene limva madandaulo a ogula.

KUSINTHANITSA MABATIRE

Funso lenileni pogula sindilo lakuti batire lamphamvu ndi liti, koma lakuti foni iyi inapangidwira batire liti. Foni iliyonse iri ndi malire ake a kudzaza, oikidwa ku fakitale, ndipo siifunsa batire limene laikidwamo ngati ligwirizana nawo.

Batire la 3.85V likaikidwa m'foni yakale imene ileka kudzaza pa 4.2V, palibe choopsa, koma silidzaza konse. Foni idzaonetsa kuti yadzaza pamene malo akalipo, ndipo mwini wake adzakhala atalipira moto umene saulandira. Zomwezi zichitika ndi katchaja kaja kopana batire ndi timawaya tiwiri, kamene otchajitsa mafoni ambiri ali nako, pakuti kambiri kotere kalekera pa 4.2V.

Choopsa chiri ku mbali inayo. Batire la 3.7V likaikidwa m'foni imene ipopa kufika pa 4.35V kapena 4.4V, lilandira tsiku ndi tsiku mphamvu yopitirira imene linapangidwira. Kusiyana kwa 4.2 ndi 4.4 kuoneka kochepa pa pepala, koma kwa batire la lithium ndi kwakukulu. Litentha, likalamba msanga, lituluka mpweya m'kati ndi kutupa, monga chubu chopopedwa mopyola. Batire labwino liri ndi kachipangizo kodulira magetsi zinthu zikafika poipa. Lotsika mtengo kwambiri nthawi zina lilibe, kapena liri nako kosadalirika.

Chifukwa chake munthu wopita kukagula atenge batire lakale kapena foni yomwe. Ayang'ane dzina la batire, la zilembo ndi manambala, monga BL-5C, ndipo ayang'ane kuti volt wa pakati ndi volt wodzazira afanana ndi a lakale. Kungoti lalowa m'malo mwake ndipo foni yayaka sikutsimikiza kanthu. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi batire lomatidwa m'kati ndi ulimbo. Limeneli lisachotsedwe ndi mpeni kunyumba, koma lipite kwa mmisiri wokhala ndi zida zake.

FONI IMENE INKAKHALA MASIKU AWIRI M'TAUNI

Nthawi zambiri batire liimbidwa mlandu umene silinapalamule. Wanchito wa ku Area 11 alumbira kuti foni inkakhala masiku awiri iri m'manja mwake. A kumudzi alumbira kuti siifika madzulo. Onse anena zoona.

Foni ilankhulana ndi nsanja ya netiweki nthawi zonse, ngakhale pamene palibe woimba. M'tauni nsanja ziri pafupi, ndipo foni ilankhula monong'ona. Kumudzi kwa kuseri kwa phiri nsanja iri kutali, ndipo foni iyenera kukuwa. Kukuwako kudya moto. Kumene netiweki ingobwera ndi kuchoka nkoipa koposa, popeza foni ikhalira kufunafuna usana ndi usiku. Pa malo otere ndi nzeru kusunga foni pamene netiweki igwira bwino, pa zenera lamthunzi kapena pamwamba pa chipupa, ndi kutseka intaneti pamene siifunika.

Chinanso chodya moto ndi galasi. Foni ya mabatani ikhala masiku angapo ndi 3.8Wh. Foni yaikulu ya 5,000mAh iri ndi moto wochuluka kasanu, koma ikhala tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa galasi lake ndi lalikulu ndi lowala, ndipo WhatsApp, Facebook ndi makanema sizipuma. Ndiponso pa mudzi foni imodzi ikhala ya banja lonse: ana aonera makanema, agogo amvera wailesi, usiku ikhala tochi. Kuchepetsa kuwala kwa galasi kuthandiza koposa kusintha batire la 3.7V ndi la 3.85V.

UKALAMBA WA BATIRE

Mau akuti moyo wa batire ali ndi matanthauzo awiri: maola amene likhala likadzazidwa kamodzi, ndi zaka zimene litumikira lisanatayidwe. Batire la lithium likalamba ngakhale lisamalidwe chotani. Kampani ya Apple inanena za mafoni ake a iPhone 14 ndi akale kuti batire likadzazidwa ndi kutha ka 500 litsala ndi magawo 80 pa zana a mphamvu yake yoyamba. Za iPhone 15 inanena ka 1,000. Kwa munthu wotha batire lonse tsiku lililonse, ka 500 ndi chaka chimodzi ndi miyezi inai kapena isanu. Foni imene yakhala zaka zitatu kwa bwana ifika kumudzi ndi batire lotopa kale, ngakhale kunja iri yonyezimira, ndipo nambala yolembedwa pa batirelo ndi ya pa ubwana wake.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Opanga mafoni achenjeza kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kuononga batire kosabwerera. M'miyezi ya October ndi November, m'nyumba ya malata masana, kapena ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumene kutentha kufika 40, malire amenewa apyoledwa mosavuta. Foni isasiyidwe pa dzuwa pafupi ndi sola pamene itchajidwa. Sola ikhale kunja, foni ikhale mu mthunzi. Isatchajidwe pansi pa pilo kapena m'bulangeti, ndiponso isaikidwe pafupi ndi mbaula.

Batire silikondanso kukhala nthawi yaitali lodzaza thothotho, chifukwa pamenepo ndi pamene volt ali pamwamba. Nchifukwa chake mafoni ena atsopano ali ndi malo osankha kuti kudzaza kuzilekera pa 80 kapena 85. Kwa munthu wa m'tauni wokhala ndi magetsi m'nyumba uphungu umenewu ndi wabwino. Kwa munthu woyenda mtunda wautali ndi kulipira pa kutchaja kulikonse, nkwachidziwikire kuti adzadzaza mpaka pakamwa, ndipo palibe womudzudzula. Chimene iye apewe ndi kusiya foni yotheratu moto m'sutikesi kwa miyezi, pakuti batire likatsika kwambiri nthawi zina silidzukanso. Foni yosungidwa isungidwe ndi moto wa theka. Mwambo wakale woti batire liyambe latheratu lisanatchajidwe unali wa mabatire a mtundu wina. La lithium litha kuonjezeredwa moto nthawi iliyonse.

KUTCHAJA KUMUDZI

Magetsi ambiri a dziko lino achokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo a ku Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130MW, ndipo kuzima kwa magetsi kunafika ngakhale m'nyumba za mipanda za Lilongwe mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Pa nthawi zotere anthu a m'tauni agula zimene a kumudzi anazolowera kale: sola, batire la galimoto ndi power bank.

Batire la 12V lisalumikizidwe ku foni ndi mawaya okha. Pakati payenera kukhala tchaja ya mtundu wa m'galimoto, yotsitsa 12V kufika pa 5V. Matchaja ena odzaza msanga apereka 9V kapena kuposa, koma achita chotero pokhapokha foni itavomera. Foni yosadziwa zimenezi aipatsa 5V. Chotero tchaja yabwino ya foni ina siiopsa. Yoopsa ndi yopepuka ngati chibokosi cha machesi, yopanda dzina, imene itentha kapena kulira pogwira nchito.

Power bank nayo iri ndi masamu ake. Yolembedwa 10,000mAh iwerengedwa pa 3.7V wa mabatire a m'kati mwake, ndiko kuti 37Wh. Foni ya 19.25Wh ikanadzazidwa nayo pafupifupi kawiri, koma moto wina utayika monga kutentha pokwezedwa kufika pa 5V ndi potsitsidwanso m'foni, chotero idzaza pafupifupi kamodzi ndi theka. Mwini wake asafulumire kunena kuti anamubera. Wokwera ndege pa Kamuzu International Airport ainyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wolowa pansi pa ndege. Ndipo kumenekonso malire awerengedwa ndi Wh, pakuti yosapitirira 100Wh ndiyo iloledwa popanda kupempha chilolezo.

BATIRE LOTUPA

Kale batire la wailesi likafooka anthu ankaliika pa dzuwa, ena ankalimenya ndi mwala kapena kuliluma kuti lilankhuleko madzulo amodzi. Zimenezi zisayesedwe pa batire la foni. M'kati mwake muli timapepala topyapyala tokulungidwa, tolekanitsidwa ndi kansalu kochepa kuposa tsitsi, ndi madzi amene ayaka. Kansaluko kakabooka mbali ziwiri zikhudzana, ndipo batire liyaka lokha ndi moto waukali ndi utsi woipa. Ngakhale makampani aakulu zinawaonekera: m'chaka cha 2016 Samsung inaitanitsa mafoni ake a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ena ankayaka, ndipo mu October chaka chomwecho inaleka kuwapanga.

Chizindikiro chioneka msanga kwa munthu watcheru. Chivundikiro cha kumbuyo chiyamba kukana kutseka, kapena galasi litukuka m'mbali. Batire lochotseka liikidwe pa tebulo losalala ndi kupotoledwa ndi chala: likazungulira ngati nguli, latupa. Lotere lisatchajidwenso, lisabooledwe ndi singano kuti mpweya utuluke, ndipo lisamangidwe ndi mphira kuti likhale m'malo. Lichotsedwe, timano take tachitsulo timatidwe ndi tepi, ndipo liikidwe m'chitini cha mchenga wouma, kunja kwa nyumba, kutali ndi udzu, nkhokwe ndi ana. Lisaponyedwe pa moto wa zinyalala, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime. Likayamba kufuka, munthu asaligwire ndi manja. Alikankhire pa dothi ndi khasu kapena fosholo, alikwirire ndi mchenga, ndipo onse aime kumene mphepo ichokera mpaka litazizira.